Mawu Amene a Zikonzeka Ankadumpha

Mumsewu wonse munalibe munthu amene akanaimika dzanja n'kulumbira kuti anawaonapo a Zikonzeka atanyamula chinthu chatsopano. Chakudya ankagula, poti mimba siisokedwa. Ulusi ndi guluu ankagulanso, koma kumeneko ankati si kugula, ndi kudyetsa ntchito. Zina zonse, kuyambira chipewa mpaka masokosi, zinali ndi mbiri yake: mwini wake woyamba, tsiku limene anazitaya, ndi tsiku limene zinaukanso pabenchi ya a Zikonzeka.

Anali wosoka nsapato. Malo awo anali pansi pa masitepe a nyumba ina yosanja, pongokwana benchi, bokosi la zida, wailesi ndi mawondo awo aatali aja. Anakhalapo zaka makumi anayi, mpaka simenti inachita kadzenje pamene ankaponda ndi chidendene. Dzinalo anadzipatsa okha osadziwa. Munthu ukabwera ndi nsapato yoti ngakhale galu sangaitole, iwo ankaitembenuza, kuipinda, kuisuzumira m'kati ngati muli kalata, kenako n'kunena kuti, "Zikonzeka." Ambulera, lamba, chikwama, magalasi othyoka mwendo, yankho linali lomwelo. Mayi wina atabwera akudandaula za mwamuna wake woledzera anayankhidwanso chimodzimodzi, chifukwa a Zikonzeka sanadzutse mutu kuti aone kuti m'manja mwa mayiyo munalibe nsapato.

Malemu akazi awo ankakonda kuuza anansi kuti, "Ndikadzafa mudzandiike msanga, bambowa angandisoke." Atamwaliradi, a Zikonzeka anatha mwezi wathunthu akugwira ntchito osatchula mawu awo aja, ndipo anthu ankadutsa pamasitepepo mwakachetechete.

Ambiri ankati ndi kuumira chabe. Iwo ankakana kwamtuwagalu. Woumira amakonda ndalama, ankatero, koma ine ndimakonda zinthu. Kwa iwo munthu wogula chatsopano anali munthu wogonja, amene watopa kuganiza.

Tsoka lake, tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndendende ndi benchi yawo, kunali sitolo ya nsapato yokhala ndi zenera lalikulu lagalasi. Mwini wake anali Mayi Zafika, amene anatchedwa choncho chifukwa katundu akangotsitsidwa ankaima pakhomo manja ali m'chiuno n'kufuula kuti, "Zafika! Zafika zatsopano!" Awiriwa anakhala pa nkhondo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. A Zikonzeka ankauza aliyense kuti nsapato za m'sitolomo amazimata ndi malovu. Mayi Zafika ankati benchi ya a Zikonzeka ndi nyumba yachisoni. Chimene onse awiri sankafuna kumva n'chakuti ankadyetsana: nsapato imene yatuluka m'sitolo lero, pakapita miyezi itatu inkawoloka msewu yokha, itatsegula kukamwa. Koma a Zikonzeka mwiniwake anali asanawolokepo. Akafuna kupita mbali imeneyo ankazungulira kumphambano.

Nkhani imene ankaikonda kwambiri kusimbira makasitomala inali ya nsapato zoyera. Mwana wawo yekhayo, wamkazi, ali ndi zaka khumi anasankhidwa kuti akaime kutsogolo kwa kwaya ya kusukulu, ndipo aphunzitsi analamula kuti aliyense abwere atavala nsapato zoyera. Pazenera la Mayi Zafika zinalipo, za kalamba kodutsa pamwamba ndi kabatani pambali. Mwana anapempha katatu kuti, "Bambo, ndigulireni." A Zikonzeka anatenga nsapato zake zakuda za masiku onse, n'kupemphako penti wotsala kwa amisiri amene ankapenta khoma la masitepe, n'kuzipaka kawiri. Zinayera mbee, kuposa za pazenera.

"Mpaka aphunzitsi anafunsa ngati zachokera kunja!" ankatero, n'kudzimenya pabondo ndi chimwemwe.

Nkhaniyo ankaithera pomwepo. Za mvula imene inagwa ana ali pamzere sankazitchula. Sankatchula mapazi oyera amene mwanayo anasiya pasimenti kuchokera pageti mpaka pansanja, anzake akuloza n'kumagwa ndi phwete. Sankatchulanso kuti chichokere tsiku limenelo mwanayo sanawapemphenso kanthu, ngakhale pensulo. Iwo ankangoti mwana wanga anakula ndi nzeru.

Nzeruzo zinamutengera kutali. Anakhoza mayeso onse amene anamuikira patsogolo, anapita ku Korea kukaphunzira, n'kupeza ntchito, n'kukwatiwa komweko. Anabereka mwana wamkazi amene a Zikonzeka ankangomuona pafoni, kamtsikana ka maso ochenjera kolankhula chinenero cha bambo ake chokha. Foniyo, tinene msanga, inali mphatso. Mphatso ankalandira ndi manja awiri, poti wogonja anali wina.

Mdzukuluyo atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, uthenga unabwera wakuti akubwera ndi mayi ake kudzacheza masiku khumi. Kutatsala miyezi itatu, mwana wawo anayamba kuwatumizira maphunziro pafoni, mawu ake ojambulidwa, kuti agogo ndi mdzukulu asadzangoyang'anana ngati anthu okumana m'basi. A Zikonzeka anatsamiritsa foni kubotolo la guluu, n'kumaphunzira akukhoma.

"Halaboji, ndiye kuti agogo aamuna. Ameneyo ndinu. Gada, kupita. Oda, kubwera. Mokda, kudya."

Hamala inkagunda, iwo n'kumabwereza. Pasanathe mwezi, makasitomala anali kuuzidwa kuti gada lero, oda Lachisanu, ndipo ankamvera.

Phunziro lachisanu ndi chiwiri ndi limene linali ndi nkhani.

"Sada," anatero mawu a mwana wawo. "Sada ndi kugula. Mwana akafuna kuti mumugulire chinthu amati sa juseyo. Inu mukagula mumamuuza kuti sasso, ndagula." Panali kachete pang'ono, kenako kuseka kwakufupi. "Koma limeneli, bambo, mutha kulidumpha."

A Zikonzeka anaseka mpaka misomali imene anailuma pakamwa inagwera pansi. Tsiku lonse aliyense wobwera anamvetseredwa kagawo kameneko. "Mwamva? Magazi anga amenewo. Akundidziwa." Madzulo anatumiza uthenga wofunsa mawu enieni a anthu anzeru, otanthauza kukonza. Yankho linabwera: gochida. Amenewo anawakonda ngati dzina la mwana. Anawalemba ndi choko pabokosi la zida.

Koma kudumphako kunavuta. Foni ija inali itagwa kale kawiri, ndipo poti anaikonza okha, inasiya kumva chala mbali ya kumanja. Maphunziro ankangoyenda motsatana, loyamba mpaka lomaliza, n'kuyambiranso. Likafika lachisanu ndi chiwiri, a Zikonzeka ankakhosomola, kapena kukhoma chidendene chimene chinali chitakhomedwa kale. Anachita zimenezo kangapo patsiku kwa miyezi iwiri, ndipo mawuwo anali kulowa ndithu. Ataona kuti awadziwa mosafuna, anakonza nzeru ina. Anayamba kuyeserera pagalasi lometera nkhope ya nkhalamba yosamva chinenero cha eni ake: nsidze m'mwamba, kukamwa yasa pang'ono, dzanja kukhutu. Mdzukulu akadzati sa juseyo, adzapeza agogo ogontha.

Tsiku linafika. Kamtsikanako kanatsika galimoto, n'kuika manja pamimba, n'kuwerama, n'kunena kuti, "Halaboji." A Zikonzeka anaiwala maphunziro onse nthawi imodzi. Anangoti, "Eya, eya, ndine," n'kutembenukira kukhoma kukasaka chinthu chimene sichinatayike. Anakakonda kamwanako pomwepo, chikondi choopsa.

Masiku awiri oyamba zinayenda bwino zedi. Mdzukulu ankakhala pambali pa benchi n'kumasankha misomali, yaing'ono kwayokha, yaikulu kwayokha. Chidole chake chitaguluka mkono, agogo anachinyamula m'mwamba n'kulengeza kuti, "Gochida!" Anachisoka mwana akuombera m'manja. Wometa wa pafupi amalumbira mpaka lero kuti anawaona akuukoka dala mkonowo mwana atayang'ana kumbali, koma wometa amalankhula zambiri.

Tsiku lachitatu anatuluka onse atatu kukayenda, ndipo mwana wawo, poiwala malamulo a nkhondo, anawoloka msewu pomwepo. A Zikonzeka anatsatira akung'ung'udza, poti dzanja lawo linali m'dzanja la mdzukulu. Atafika pazenera la Mayi Zafika, kamtsikanako kanaima nji. M'katimo munali tinsapato tofiira, tonyezimira, tokhala ndi kariboni kutsogolo. Kanakoka dzanja la agogo, n'kuloza, n'kuwayang'ana m'maso.

"Halaboji, sa juseyo!"

A Zikonzeka anakweza nsidze. Dzanja linali panjira yopita kukhutu. Koma nkhope imene anaiyeserera miyezi iwiri ija sanaimalize, chifukwa mwana wawo anali atanjuta kale pamaso pa kamtsikanako, akukalankhula mofulumira ndi mawu apansi. Kamwanako kanayang'ana agogo, kanayang'ana nsapato, kenako kanabweza manja kumbuyo.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Zikonzeka, ngati sanamve.

"Akuti ndi zokongola."

"Basi?"

"Basi, bambo. Tiyeni."

Anayenera kukondwa. Anali atapulumuka osatulutsa thukuta. Koma njira yonse china chake chinali kuwalasa ngati msomali wotulukira m'kati mwa nsapato. Iwo anakonzekera kukana, inde, koma sanapatsidwe ndi mpata womwe woti akane. Mwana wawo anawayankhira, ndipo anayankha molondola.

Munthu wina akanagonja pomwepo. A Zikonzeka anati zikonzeka. M'mawa mwake anaoneka akudutsa kangapo kutsogolo kwa sitolo, chipewa atachitsitsa kumaso, akuyeza tinsapato tija ndi zala kudzera pagalasi.

"Mwataya chiyani, a dokotala?" anafunsa Mayi Zafika ali pakhomo.

"Ndikuona mmene mukuberera anthu."

M'bokosi lawo munali chikwama chofiira cha mayi wina amene anachisiya zaka zapitazo osabweranso. Anachiphwasula. Masiku awiri sanalandire ntchito ya munthu. Zimene zinatuluka m'manja mwawo, tinene zoona, zinaposa za pazenera: chikopa chenicheni, msoko wowongoka, kariboni kosokedwa osati komatidwa. Anazipereka patebulo lakunyumba, lija la miyendo itatu yofanana ndi umodzi wochokera ku bedi.

Mdzukulu anaika manja pamimba, n'kuwerama, n'kuthokoza mwaulemu wonse. Anazivala ndipo zinamukwana.

"Mwakonza bwino, bambo," anatero mwana wawo. "Monga nthawi zonse."

M'mawu mwake munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo bola ukanakhalamo. Masana a tsikulo a Zikonzeka ali pabenchi anawaona awiriwo akudutsa tsidya lija. Atayandikira zenera, kamtsikanako kanatembenuzira nkhope kumsewu kokha, popanda woti akakoke, n'kuyenda khosi lili chilili mpaka sitolo itatsala kumbuyo. A Zikonzeka anaika nsapato pansi. Khosi limenelo ankalidziwa. Analiona tsiku lililonse kwa zaka zisanu ndi zitatu, likupita kusukulu ndi kubwerako, ndipo ankalitcha nzeru.

Anayatsa foni n'kudikira phunziro lachisanu ndi chiwiri, hamala ataiika kutali. Sada, kugula. Sa juseyo. Sasso. Kenako kachete kaja. Aka kanali koyamba kuti akamvetsere osakhosomola, ndipo anamva kuti m'menemo munthu akukoka mpweya, ngati amene akufuna kunena china n'kusintha maganizo. Kusekako sikunali kwa munthu wosangalala. Anachita manyazi, manyazi a zaka makumi atatu obwera tsiku limodzi. Alendo anali atatsala ndi masiku anayi.

Komabe a Zikonzeka anali a Zikonzeka. Anazungulira kumphambano, n'kulowa kanjira ka kuseri kwa masitolo, n'kukagogoda pachitseko chakumbuyo.

Mayi Zafika anatsegula, n'kuwayang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato za soli ya tayala.

"Kuno timalandirira katundu," anatero. "Mwabweretsa katundu?"

"Tilankhule ngati akuluakulu, mayi."

"Akuluakulu amalowera kutsogolo." Chitseko chinatsekedwa.

Pamene ankatulukira kutsogolo, anapeza mayiwo ataima kale pakhomo, manja ali m'chiuno, akufuula ndi mawu amene sanakalambe ngakhale mwini wake anakalamba: "Bwerani mudzaone! Wometa! Telala! Siyani zimenezo!" Wometa anatuluka ndi lumo m'manja, munthu wometedwa theka ali pambuyo pake. Telala anabwera ndi tepi m'khosi. A Zikonzeka analowa m'sitolo ngati munthu wolowa m'madzi ozizira, mapewa ali m'makutu. Munkanunkhira mapepala ndi pulasitiki. Ananyamula kansapato kofiira, n'kukapinda, n'kukanunkhiza.

"Guluu wake ndi wabodza."

"Bwezerani pamalo pake. Kuona ndi pazenera."

"Sindinabwerere kuona."

"Nanga mwabwerera chiyani?"

Anang'ung'udza kanthu kena m'ndevu.

"Kwezani mawu, makutu anga anatha ndi hamala yanu."

Liwu la chinenero chawo linakana kutuluka. Limene linatuluka, mokweza mpaka wometa anadzidzimuka, linali lija la miyezi iwiri ya kukhosomola.

"Sada!"

"Musanditukwane m'sitolo mwanga."

"Kugula, mayi! Ndikufuna kugula! Mwamva tsopano?"

Panja anthu anakuwa ngati chalowa chigoli. Mayi Zafika anatenga nthawi yawo yonse. Anapukuta tinsapato timene tinali kale toyera, n'kufunafuna bokosi pashelefu imene ankadziwa kuti palibe. Atamaliza anafunsa monyogodola ngati bwana akufunanso china.

"Zoyera," anatero a Zikonzeka, maso ali pansi. "Za kalamba kodutsa pamwamba ndi kabatani pambali. Za munthu wamkulu."

Kuseka kunachoka pankhope ya Mayi Zafika. Anawayang'ana kanthawi, kenako anapita kukatseka chitseko, anthu aja n'kutsala panja.

"Zija ankafuna mwana wanu ndinazichotsa pazenera n'kuzisunga pansi pa kauntala mwezi wathunthu," anatero. "Ndimati mubwera."

"Ndabwera."

"Saizi?"

A Zikonzeka anatambasula chala chachikulu ndi chapakati, n'kuwonjezerapo zala zitatu za dzanja lina. "Phazi limenelo ndalisokera kuyambira likukwawa."

Mayiwo analowa kuchipinda chakumbuyo n'kubwera ndi bokosi. Sananenenso zachipongwe. Koma chifundo chawo chinali ndi malire: mabokosi onse awiri anawaika m'jumbo yachikasu yolembedwa dzina la sitolo mbali zonse, n'kukana kuwatulutsira kuseri. A Zikonzeka anawoloka msewu masanasana, jumbo ikuwala, galimoto zitaima.

Kunyumba anapeza mayi ndi mwana patebulo. Anaika bokosi laling'ono patsogolo pa mdzukulu, n'kudziloza pachifuwa.

"Halaboji sasso."

Kamtsikanako kanavundukula. Ulendo uno sikanawerame ayi. Kanakuwa, n'kulumphira agogo m'khosi mpaka chipewa chinagwa, n'kuthamanga kuzungulira tebulo nsapato imodzi kuphazi ina m'manja.

"Bambo, simunayenera kuvutika," anatero mwana wawo. "Ali nazo kale zabwino zimene mwa..."

Anaona bokosi lachiwiri likukankhidwira kwa iye. Analitsegula pang'onopang'ono, n'kuchotsa pepala lofewa lija. Kenako anachita chinthu chimene mwina iye mwini sanadziwe kuti akuchita: anakanda nsapatoyo ndi chikhadabo pafupi ndi chidendene, n'kuyang'ana chala chake.

"Si penti," anatero a Zikonzeka. "Ndagula. Ndachedwa, koma ndagula."

Mwana wawo anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira, mayi wamkulu wa digiri ziwiri atakumbatira bokosi. Anazivala ndipo zinamukwana ndendende. Anayenda nazo masiku onse otsalawo, kumsika, kumanda kwa mayi ake, ngakhale pochapa.

Tsiku lonyamuka anadzera pabenchi kudikira galimoto. A Zikonzeka, poti diso la mmisiri siligona, anaona nthawi yomweyo kuti nsapato yakumanzere yayamba kale kutsegula kukamwa kutsogolo. Masiku anayi okha! Mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe cha munthu amene wakhala akunena zoona zaka makumi anayi. Dzanja linapita lokha pa singano.

"Vula mwanawe. Zikon..."

Mwana wawo anabweza phazi pansi pa mpando.

"Ayi, bambo. Izi musazikhudze."

"Koma zikuseka, taona!"

"Zisiyeni ziseke. Zikatha mundigulira zina."

A Zikonzeka anaponya maso kumsewu. Tsidya lija Mayi Zafika anali pakhomo, akuwabayibitsa ndi zala ziwiri. Pomwepo mdzukulu anawakoka malaya. Anali akuloza pazenera, pamene tsopano panapachikidwa kachikwama kachikasu ka makutu a mphaka.

"Halaboji, sa juseyo."

Anayang'ana mwana wawo kuti mwina awayankhira. Iye anangopinda manja pachifuwa, n'kuwayang'ana.

A Zikonzeka anabaya singano pabenchi, n'kusasa fumbi pabuluku, n'kugwira dzanja la mdzukulu. Anayang'ana uku ndi uku ngati kukubwera galimoto, n'kuwoloka.